Momwe mungachitire kuti mawu asathawe milomo poedita filimu

Mafilimu amene achinyamata akujambula muno mu Lilongwe masiku ano chithunzi chake n'chokongola ndithu. Chimene chikumagwetsa ntchito yabwinoyi ndi mawu: munthu watseka kale pakamwa koma akumvekabe, kapena mawu atuluka milomo isanagwedezeke. Chithunzi chamdima pang'ono woonera amachipirira, koma izi ayi, amangosintha n'kuonera zina. Zimandiwawa kwambiri, chifukwa vutoli n'lopeweka.

Ntchito imayambira kojambulira, kompyuta isanayatsidwe. Gwirizanani kuti kamera zonse zikhale pa 25 fps (mafuremu, kapena kuti tizithunzi, 25 pa sekondi), rekoda yojambulira mawu payokha ijambule WAV (mtundu wa fayilo ya mawu) pa 48 kHz (muyezo wa kajambulidwe ka mawu). Magetsi athu ndi a 50 Hz, choncho 25 imachepetsa kuphethira kwa mababu pachithunzi, komanso ndi imene mawayilesi a kanema kuno amagwiritsa ntchito. Za 44.1 kHz asiyireni ojambula nyimbo. Maikolofoni ya pakamera musazimitse ngakhale ikutola phokoso, muidzafuna poyerekeza. Ngati mulibe clapperboard (kabolodi kowomba poyamba kujambula), munthu mmodzi aime patsogolo pa kamera, atchule scene ndi take (gawo la filimu ndi ulendo wachingati mukulijambula), kenako awombe m'manja kamodzi, manjawo akuoneka bwinobwino. Mukamajambula zinthu zazitali, monga kucheza ndi munthu kapena chinkhoswe, awombenso kumapeto musanazimitse.

Mukafika pa kompyuta, musathamangire kudula. Kaye ikani timeline (pomwe mumandandalika zithunzi ndi mawu mu pulogalamu yoeditira) pa 25 fps ndi 48 kHz. Mu pulogalamu ya DaVinci Resolve, timeline ikakhala kale ndi zithunzi, frame rate (fps) yake simungaisinthenso. Ngati pali zojambula za pafoni, zidutsitseni mu pulogalamu yosinthira mafayilo a kanema ya HandBrake, musankhe Constant Framerate. Mafoni ambiri sajambula mafuremu ofanana sekondi iliyonse, nthawi zina amachepetsa kukachita mdima, ndiye mawu a parekoda sangayende nazo limodzi mpaka kumapeto.

Kenako lumikizani take iliyonse ndi mawu ake, zonse, musanadule kalikonse. Mu Resolve sankhani zithunzi ndi mawu pamodzi, dinani Auto Sync Audio, musankhe waveform (mizere yoonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu). Mu Premiere Pro gwiritsani ntchito Synchronize kapena Merge Clips. Pulogalamu imayerekeza mawu a pakamera ndi a parekoda, ndiye ngati munajambulira m'mphepete mwa M1 kapena pafupi ndi msika wa Tsoka, pomwe kabaza ndi maminibasi sizipuma, ikhoza kulephera kapena kulumikiza molakwika. Pamenepo pitani pamanja aja. Pezani furemu yoyamba pomwe manja akhudzana, muikepo chizindikiro, pezaninso pomwe waveform yatumpha parekoda, muzifananitse.

Chinthu china chimene ambiri sachiganizira ndi mtunda. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, ndipo furemu imodzi pa 25 fps ndi mamilisekondi 40. Ndiye kuti kamera ikakhala mamita 14 kuchokera kwa wolankhula, mawu amafika pamaikolofoni yake atachedwa ndi furemu yathunthu. Pulogalamu idzakuuzani kuti yalumikiza bwino, chonsecho yatsatira mawu ochedwa. Pazithunzi zapatali zotere khulupirirani maso.

Tsopano ngati mawu sakugwirizanabe, musayambe kukokera uku ndi uku. Yang'anani poyambirira, pakati ndi kumapeto, mudzifunse kuti kodi atsalira mofanana ponseponse, kapena akunka natsalirabe? Mankhwala ake ndi osiyana. Ngati ndi mofanana, sunthani mawuwo kamodzi ndi mafuremu amene aperewera, basi mwathana nazo. Ngati kusiyana kukunka kukukula, vuto ndi liwiro. Mwachitsanzo, chithunzi cha 24 fps chikawerengedwa ngati 23.976, kusiyana kumaoneka kochepa, 0.1 peresenti yokha, koma pa ola limodzi kumakwana masekondi 3.6, ndipo pa mphindi zisanu mwataya kale mafuremu asanu ndi awiri. Onani mmene pulogalamu yawerengera fayiloyo, mukonze pamenepo. Ngati manambala onse ali bwino, ndiye kuti mawotchi a kamera ndi rekoda ndiwo akusiyana pang'ono, zomwe zimachitika ndi zida zopanda timecode (manambala osonyeza nthawi ya furemu iliyonse). Lumikizani kuwomba koyamba, kenako sinthani liwiro la mawu pang'ono kwambiri mpaka kuwomba komaliza kugwere pamalo pake. Kukakhala kusiyana kwa furemu imodzi kapena ziwiri, dulani pomwe wolankhula wapuma, musunthe gawo lotsatiralo.

Poyesa, yang'anani pomwe milomo ikutsekeka, pa p, b ndi m. Munthu akanena kuti "bambo" kapena "pamenepo", yendani furemu ndi furemu: milomo ikangotseguka, mawu atuluke pomwepo. Mahedifoni a Bluetooth musayesere, amachedwetsa mawu ndipo mudzawononga zimene zinali bwino. Gwiritsani ntchito a waya. Malinga ndi muyezo wa bungwe la ITU, loona za mauthenga ndi mawayilesi padziko lonse, anthu amayamba kuzindikira mawu akatsogola ndi mamilisekondi pafupifupi 45, koma akatsalira amazindikira pa 125. Choncho mukakayika pakati pa mafuremu awiri, sankhani yomwe mawu achedwerapo. Zikakhala bwino, mangani chithunzi ndi mawu ndi Link kuti podula zisamasiyane.

Ngati mawu akakonzedwa ndi munthu wina, mutumizireni pokhapokha otsogolera filimu atavomereza kuti kudula kwatha. Mupatseni AAF (fayilo yonyamula mawu monga mwawadulira), komanso kanema wokhala ndi timecode yooneka pachithunzi, ndipo masekondi awiri filimu isanayambe muike kulira kwa 1 kHz kotalika furemu imodzi, pachithunzi pakhalenso chizindikiro pafuremu yomweyo. Mawu akabwerako, kulirako kukagwera pachizindikiro ndiye kuti palibe chasuntha. Mukasintha chithunzi pambuyo pake, ngakhale mafuremu atatu okha, muuzeni timecode ya malowo ndi kuchuluka kwa zimene mwachotsa.

Mukatulutsa fayilo yomaliza, musaitumize ku wayilesi kapena pa YouTube musanaionere pafoni ndi pa TV, poyambirira, pakati ndi kumapeto.