Yambani ndi Mneni Pophunzira Chingerezi

Mayeso akamayandikira, ophunzira ambiri amathamangira kuloweza mawu akuluakulu a Chingerezi poganiza kuti ndiwo akometse chimangirizo. Koma mukaona pepala lochongedwa, cholembera chofiira chimakhala chadutsa kwambiri pa aneni. Langizo langa ndi lakuti mugwire mneni kaye, zinazo zibwera pambuyo.

M'Chichewa mneni amasenza katundu yense yekha. Mu liwu loti "ndinapita" muli wochita, ndi-, muli nthawi, -na-, komanso ntchito yeniyeniyo. Chingerezi chimamwaza zimenezi m'mawu angapo, ndipo apa ndi pamene timapunthwa.

Tiyambe ndi kachilembo ka s. Timazolowera kuti s imasonyeza zambiri, monga "boys", ndiye timadabwa kuipeza pa mneni wa munthu mmodzi. Onani ziganizo izi: "The boy walks" ndi "The boys walk". S ikakhala pa dzina losonyeza zambiri, pa mneni imachoka. Wochita akakhala mmodzi, kaya "he", "she" kapena "it", s imasamukira pa mneni. Izi zimachitika pa nthawi yatsopano yokha.

Nthawi yakale isonyezeni kamodzi basi. "Did you went?" ndi cholakwika chifukwa "did" wanena kale kuti zinachitika kale. Cholondola ndi "Did you go?" Chimodzimodzi "She did not come", osati "came".

Pali aneni pafupifupi 200 amene salola -ed kumapeto posonyeza nthawi yakale. Amenewa alibe njira yachidule, muyenera kuwaloweza, ndipo muziwaloweza atatuatatu mokweza mawu: "write, wrote, written", "take, took, taken", "go, went, gone". Mwina mumadabwa kuti "went" akugwirizana bwanji ndi "go". Anachokera kwa mneni wina wakale, "wend", n'kudzalowa m'banja la eni ake mpaka kukhazikika.

Cholakwika china chimachokera m'Chichewa mwathu momwe, ndipo n'chomveka ndithu. Timati "ndikudziwa", "ndikufuna", ndiye mutu umathamangira kulemba "I am knowing", "I am wanting". Aneni onena za maganizo, kufuna kapena kukhala ndi chinthu, monga "know", "want", "believe" ndi "own", kawirikawiri satenga -ing mwanjira imeneyi. Lembani "I know", "I want".

Nanga muzichita bwanji tsiku ndi tsiku? Tengani ndime imodzi yokha ya m'buku lomwe mukuwerenga m'kalasi. Lembani mzere kunsi kwa mneni aliyense, kenako zungulizani wochita wake. Pa mneni aliyense dzifunseni kuti wochitayo ndi mmodzi kapena ambiri, komanso kuti zikuchitika liti. Samalani ndi ziganizo zomwe wochita watalikirana ndi mneni wake. Mu "The box of pencils is missing" chomwe chasowa ndi bokosi, n'chifukwa chake pali "is", ngakhale "pencils" ndiye ali pafupi. Mphindi 15 n'zokwanira, bola musadumphitse masiku.

Ntchito yomweyi idzakuthandizani poyankha mafunso a nkhani, ndakatulo ndi masewero. Pofotokoza zomwe mpangankhani akuchita m'buku, chizolowezi n'kugwiritsa ntchito nthawi yatsopano ngati kuti zikuchitika pamaso panu: "The girl leaves home because she fears her uncle." Mwaiona s ija yabweranso kawiri? Mukayamba ndi nthawi imeneyi musasinthe pakati pa yankho, poti ambiri amayamba ndi "leaves", mzere wachitatu ali pa "left", osazindikira n'komwe.

Khalani ndi kakope kapadera. Aphunzitsi akakubwezerani ntchito, musangoyang'ana malikisi n'kupinda pepalalo. Koperani chiganizo chilichonse cholakwika kumanzere, chokonzedwa kumanja, ndipo Loweruka lililonse phimbani mbali ya kumanja ndi dzanja, muyese kukonzanso nokha.