Momwe mungachulukitsire zokolola za soya ndi inokulanti komanso mizere iwiri

Alimi ambiri a ku Mchinji, Kasungu, Ntchisi ndi Dedza amalima soya chaka ndi chaka, koma matumba otuluka pa ekala sasintha. Kawirikawiri zifukwa zake ndi ziwiri: mbewu zimakhala patalipatali m'munda, ndipo kumizu kulibe tizilombo tothandiza soya kudzipangira chakudya. Zonsezi mungazikonze.

Yambani ndi mbewu. Soya sachedwa kutha mphamvu yomera, makamaka akasungidwa potentha. Gulani mbewu yovomerezeka monga Tikolore, Makwacha, Nasoko kapena Serenade. Tikolore, yomwe inatulutsidwa mu 2011, imacha msanga, choncho ndi yabwino kumene mvula imasiya msanga. Ngati mukubzala yosunga nokha, iyeseni kaye: werengani njere 100, zibzaleni pamchenga wonyowa, mudikire sabata imodzi. Zikamera zosakwana 80, kafuneni ina.

Kenaka konzani mizere motalikirana masentimita 75, ndipo pamwamba pake muphwasule kuti pakhale potambalala. Pamzere uliwonse lembani timizere tiwiri, totalikirana masentimita 25 mpaka 30. Mudzabzala njere imodzi paphando, masentimita 5 kuchoka paphando lina. Potero chiwerengero cha mbewu m'munda womwewo chimawirikiza kawiri, ndipo masamba akakumana amaphimba nthaka, udzu n'kusowa dzuwa. Mbewu yogula idzachulukanso, musadabwe.

Tsopano pa inokulanti, ufa wosakaniza ndi mbewu musanabzale, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya ndalama zawo. Mu kapaketi ka inokulanti, kaya ndi Nitrofix kapena mtundu wina, mulibe feteleza kapena mankhwala. Muli tizilombo tamoyo tosaoneka ndi maso, tomwe timakhazikika kumizu ya soya n'kumakoka nayitirojeni, chakudya cha mbewu, kuchokera mumpweya. Chamoyo chimafa. Paketi yomwe yakhala pawindo la sitolo padzuwa la mu Okutobala, kapena yomwe tsiku lake linadutsa, musaigule ngakhale atsitse mtengo. Kunyumba isungeni pozizira, pamthunzi, ndipo musaitsegule mpaka tsiku lobzala.

Tsikulo likafika, mvula itanyowetsa nthaka bwinobwino, khalani pansi pa mtengo ndi beseni loyera. Thirani mbewu yokwana kubzala tsiku lomwelo basi. Iwazeni timadzi pang'ono kuti ingonyowa khungu (mitundu ina amati musungunuliremo shuga kuti ufawo umatirire, choncho werengani papaketi kapena funsani alangizi). Thirani inokulanti pamlingo wolembedwa, sakanizani mofatsa ndi manja mpaka njere iliyonse itade, koma osasupula khungu lake. Yanikani pathumba pamthunzi pomwepo kwa mphindi zochepa, kenaka bzalani ndi kukwirira nthawi yomweyo. Aganyu ena amakonda kuponya njere mzere wonse kuti adzakwirire pambuyo. Aletseni, chifukwa dzuwa limapha tizilombo tija njere zili pamtunda. Ndipo urea musamutayire pa soya. Akapeza nayitirojeni wokonzeratu, soya amachita ulesi womera timibulu ta kumizu, momwe mumakhala tizilombo tija.

Mungadziwe bwanji kuti zagwira? Soya akayamba maluwa, kumbani mitengo ingapo ndi khasu, osazula, ndipo mutsuke mizu. Muyenera kuona timibulu. Dulani kamodzi ndi chikhadabo. Mkati mukakhala mofiirira, ntchito ikuyenda. Mukakhala moyera kapena mobiriwira, ndiye kuti palibe chomwe chikuchitika, ndipo chaka chamawa muganizire bwino kumene mukagule.

Palirani msanga m'masabata oyambirira, ndipo muziyang'ana kunsi kwa masamba ngati kwayamba timadontho ta matenda a dzimbiri. Kololani masamba akayoyoka, makoko ambiri atasanduka ofiirira. Mukachedwa, makoko amathetheka padzuwa, soya n'kumwazikira pansi.

Matumba ochuluka paokha sabweretsa ndalama zambiri ngati mugulitsa pa sikelo ya venda mu Epulo, aliyense akuthamangitsa wake. Umitsani bwino, petani, chotsani miyala ndi njere zowola. Mvetserani mtengo woyambira umene unduna wa zamalimidwe umalengeza chaka chilichonse. Makampani oyenga mafuta ophikira ndi opanga chakudya cha nkhuku amafuna matani, osati ndowa, ndiye sonkhanitsani soya wanu pa kalabu kapena kopaletivi, muyeze pa sikelo yanuyanu, mukambirane mtengo muli gulu. Ine ndimati gulitsani pang'ono wolipirira fizi ndi ngongole, wotsalayo adikire miyezi ingapo.

Mapesi musawotche. Akwirireni m'munda momwemo, ndipo chaka chotsatira mubzalepo chimanga, soya apite pomwe panali chimangacho.