Mmene mungadziwire ngati lamba wakuda wa mphunzitsi wa kenpo ndi weniweni

Musanapereke fizi kapena kutumiza mwana wanu kwa munthu amene watsegula kalabu ya masewera omenyana a kenpo kuno ku Salima, kaya ndi muholo ya pasukulu cha ku Kamuzu Road kaya ndi pamchenga ku Senga Bay, pali mafunso oti mumufunse kaye ndipo kufunsa si chipongwe ayi. Lamba wakuda aliyense atha kusoketsa kwa telala, satifiketi nayo masiku ano ndi nkhani ya kompyuta ndi pulinta basi kenako kulamineta. Chosagulika ndi aphunzitsi amene munthuyo anadutsa m'manja mwawo komanso zimene thupi lake limathadi kuchita, ndiye kufufuza kwanu kuloze pamenepo.

Yambani ndi ili, akulu kenpo yanuyi ndi iti? Likumveka ngati funso lachibwana koma ambiri amagwera pompo. Kenpo ndi katchulidwe ka Chijapani ka zilembo ziwiri zimene ku China amawerenga kuti quanfa, ena amalemba chuan fa, kutanthauza njira kapena lamulo la chibakera. Si dzina la sukulu imodzi, ndi mawu a aliyense, moti ngakhale Gichin Funakoshi mwini karate ya Shotokan buku lake loyamba la mu 1922 linali ndi mawu akuti Ryukyu Kenpo pamutu pake chifukwa nthawi imeneyo karate ya ku Okinawa ankaitchulanso choncho. Zoti ena amalemba kenpo ena kempo musavutike nazo mtima, m'Chijapani ndi mawu amodzi omwewo kungoti n ikakumana ndi p imamveka ngati m ndiye ena analemba mmene zimamvekera.

Mayankho amene mungamve ndi angapo. Pali Shorinji Kempo imene Doshin So anayambitsa mu 1947 ku Tadotsu pachilumba cha Shikoku, pali Nippon Kempo ya Muneomi Sawayama ya mu 1932 ku Osaka kumene amamenyana zenizeni atavala zoteteza kumutu ndi pachifuwa, palinso Okinawa Kenpo ya Shigeru Nakamura. Koma imene inafala kwambiri m'makanema ndi pa YouTube ndi ya mzere wa ku Hawaii. James Mitose ankaphunzitsa ku Honolulu m'zaka za m'ma 1940, mmodzi mwa ophunzira ake anali William Chow, ndipo kwa Chow kunatuluka Adriano Emperado amene pamodzi ndi anzake anayambitsa Kajukenbo mu 1947, komanso Ed Parker amene anatsegula sukulu ku Pasadena, California mu 1956 nkupanga imene pano timati American Kenpo. Parker yemweyo ndi amene anakonza mpikisano wa ku Long Beach mu 1964 kumene Bruce Lee anaonetsa luso lake anthu nkuyamba kumudziwa. Zonsezi dzina ndi limodzi koma maphunziro ake ndi osiyana kutalitali, ndiye munthu akangoyankha kuti kenpo ndi kenpo basi, khalani tcheru.

Lachiwiri, lambayu anakupatsani ndani, chaka chanji, kuti? Mphunzitsi weniweni funso ili amalikonda, amatchula dzina la sensei wake, ndiye kuti mphunzitsi wake, mosangalala, amakuonetsani zithunzi za tsiku la mayeso, mwinanso kukupatsani nambala yoti muimbe. Wokayikitsa amayamba kuzungulira, kuti ndinaphunzira kwa mzungu wina wake anapita kalekale, kapena kwa nkhalamba ina ya ku China imene dzina lake ndi chinsinsi.

Apa ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi pamene anthu timasokonezeka. Musafune kuti mzere wa aphunzitsiwo ukafike mpaka ku kachisi wakale wa Shaolin ku China, ngakhale akuluakulu a kenpo ya ku Hawaii mbiri yawo ili ndi mikangano. Mitose ankati iye ndi mtsogoleri wa 21 wa banja la Kosho-ryu ndipo ofufuza mbiri akhala akutsutsana pa zimenezo mpaka lero, iyeyo anamwalira ali kundende ku California mu 1981. Satifiketi ya lamba wakuda ya Chow anasaina ndi Thomas Young, wophunzira mnzake wamkulu, osati Mitose. Parker naye anamwalira mu December 1990 asanasankhe womulowa m'malo ndipo ophunzira ake anagawikana nkupanga mabungwe ambirimbiri, chifukwa chake lero palibe ofesi imodzi imene ingakuuzeni kuti dan iyi ya American Kenpo ndi yovomerezeka iyi ayi, dan pokhala mlingo wa lamba wakuda. Ndiye chimene chikukukhudzani inu ndi anthu awiri kapena atatu omalizira mumzerewo, amene anaphunzitsa mphunzitsi wanu ndi amene anaphunzitsa ameneyo, ngati ndi anthu odziwika, opezeka, ndipo akumuvomera kuti inde uyu ndi wathu. Shorinji Kempo ndiyosavuta chifukwa likulu lawo likadali ku Tadotsu ndipo madan amalembetsedwa kubungwe.

Kenako werengani zaka. Madan anawabweretsa m'masewera omenyana ndi Jigoro Kano wa judo mu 1883, Funakoshi anapereka madan oyamba a karate mu 1924, ndipo chiyambire dan imayendera limodzi ndi nthawi. M'mabungwe ambiri kuchoka pa dan 1 kufika pa 2 umadikira zaka 2, kenako 3, kenako 4, kenako 5, kuphatikiza zonse ndi zaka 14 kuti ufike dan 5, osawerengera zimene unatha usanavale lamba wakudayo. Mnyamata wa zaka 26 akamati ali ndi dan 8 masamuwo akukana okha.

Nkhani ina imene imandikhudza kwambiri ndi ya masatifiketi odumphira masitayelo ena. Zimachitika chonchi, munthu ali ndi dan 3 ya Shotokan kapena taekwondo yoona ndithu, analimbikira, ndiye amalowa bungwe lina la kenpo pa intaneti, kulipira ndalama ya umembala, iwo nkumutumizira pepala la dan 3 ya kenpo ati kuzindikira udindo wake. Pepalalo si lachinyengo kwenikweni chifukwa bungwelo lilipodi, koma munthuyo silabasi ya kenpo sanaiphunzire. Layisensi ya njinga yamoto ya kabaza siyikuloleza kuyendetsa lole ngakhale msewu ndi womwewo. Ndiye funsani mwachindunji, dan imeneyi munachita mayeso pamaso pa munthu, munatumiza vidiyo, kapena anangokupatsani mwaulemu? Ya ulemu ndi mphatso chabe, siyipatsa munthu mphamvu yoyesa ana a eni ake mayeso. Maina akuluakulunso asakuopseni. Soke ndi mawu akale a Chijapani otanthauza mutu wa banja losunga luso linalake, koma pano pali magulu amene amapatsana dzinali okhaokha. Professor mu kenpo ya Parker ndi dzina la udindo wa dan 6, si wa ku yunivesite ayi.

Mukamaliza zofunsa khalani pansi muonere kalasi yonse kuyambira poyamba mpaka kumapeto. Akati ndi American Kenpo muyembekezere malamba oyenda motere, woyera, yelo, olenji, pepo, buluu, girini, bulauni kenako wakuda, ndipo njira zodzitetezera zimakhala ndi maina ake monga Delayed Sword ndi Five Swords, palinso ndondomeko za mayendedwe zoloweza monga Short Form 1 ndi Long Form 1. Akati ndi Shorinji Kempo muona akupatsana moni manja ataphatikiza, amaphunzira awiriawiri, ndipo amasiyanitsa goho, zomenya ndi kutchinga, ndi juho, zopotokola ndi kugwetsa. Mukapeza kuti chikwangwani chikuti kenpo koma ana akungochita ndondomeko yotchedwa Heian Shodan imeneyo ndi Shotokan, ndi karate yabwino ndithu koma aitchule dzina lake. Yang'ananinso ophunzira akale, ngati akuima bwino, ngati akudziwa kubweza nkhonya asanavulaze mnzawo, komanso mmene mphunzitsiyo akuyankhulira ndi ana aang'ono makamaka atsikana.

Ndikudziwa kuti kuno kupeza munthu wa dan yapamwamba woti akuyese si zophweka, thiransipoti ya ku Lilongwe yokha ndi ndalama, nanji kupita ku Johannesburg. Chifukwa chake mphunzitsi wa lamba wa bulauni amene akunena poyera kuti ine ndinafika apa, mayeso a ana anu adzabwera kudzachititsa ndi akuluakulu anga, ine ndingamukhulupirire kuposa wa madan ambiri osadziwika kochokera.

Musanalipire ndalama ya mayeso a lamba funsani kuti satifiketi ya mwana wanu adzasaina ndani, ndipo akadzasamukira ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndi makalabu ati adzamulandire ndi lamba yemweyo. Funsaninso ngati kalabuyo ili pansi pa bungwe lolembetsedwa ku Malawi National Council of Sports, izi sizitsimikiza dan ya munthu koma muli ndi kodandaula zinthu zikavuta. Pomaliza pemphani kujambula satifiketi yake pafoni, fufuzani nokha tsamba la bungwe limene lalembedwapolo osadalira nambala imene iye wakupatsani yokha, muwatumizire chithunzicho pa imelo kapena Facebook ndi dzina, deti ndi nambala ya satifiketi, muwafunse ngati munthuyu ali m'kaundula wawo komanso ngati amaloledwa kupereka malamba mpaka pati.