Ma JDK angapo pa kompyuta imodzi: mmene mungasinthire popanda kusokoneza ntchito

Munthu amene amalemba mapulogalamu a Java sakhala nthawi yaitali ali ndi JDK (Java Development Kit, zida zomangira ndi kuyendetsera mapulogalamu a Java) imodzi yokha. Pulojekiti yakale imafuna Java 8 ya mu 2014, ina inaima pa 11, pamene Spring Boot 3, maziko omangirapo mapulogalamu a Java, imakana kuyamba ngati Java yake siinafike 17. Mitundu 8, 11, 17 ndi 21 ndi ya LTS, imene imalandira zokonza kwa zaka zambiri, n'chifukwa chake ndi imene mudzakumana nayo kawirikawiri. Kuiika yonse pa kompyuta imodzi si vuto, chifukwa mtundu uliwonse umakhala m'foda yakeyake. Vuto limabwera posankha woti ugwire ntchito, pakuti zolozera zilipo ziwiri, PATH (mndandanda wa mafoda ofufuzamo malamulo) ndi JAVA_HOME (njira ya foda ya JDK), ndipo sizifunsana.

Mukalemba `java` mu terminal, kompyuta imayang'ana m'mafoda olembedwa mu PATH kuyambira kumanzere, n'kutenga java yoyamba imene yaipeza. JAVA_HOME sailabadira n'komwe. Koma Maven ndi Gradle (zida zomangira pulojekiti) komanso Tomcat (seva ya mapulogalamu a Java) zimayamba zawerenga JAVA_HOME, ndipo ngati yaikidwa zimapita kumeneko. Ndiye n'zotheka kuti `java -version` inene 17 pamene Maven ikumanga ndi 11.

Musanasinthe kalikonse, fufuzani zimene zilipo. Lembani `java -version`, `javac -version`, `echo $JAVA_HOME` ndi `mvn -v` (lamulo la Maven), zonse zigwirizane. Pa Linux onjezerani `readlink -f $(which java)`, lamulo limene limatsata ma symlink (mafayilo ongoloza ku fayilo ina) mpaka pa fayilo yeniyeni, monga `/usr/lib/jvm/java-17-openjdk-amd64/bin/java`. Ngati `javac` sakupezeka, ndiye kuti munaika JRE yokha, yoyendetsera mapulogalamu, osati JDK yowamangira. JAVA_HOME iyenera kuloza foda yaikulu ya JDK. Kuilozetsa ku `bin` ndi cholakwa chofala kwambiri, ndipo Maven imadandaula kuti JAVA_HOME sinaikidwe bwino.

Pa Debian ndi Ubuntu

Ma JDK oikidwa ndi apt amakhala mu `/usr/lib/jvm`. Lamulo la `sudo update-alternatives --config java` limaonetsa mndandanda wa manambala, inu n'kusankha. Msampha wake ndi wakuti limasintha java yokha. `javac`, `jar` ndi `keytool` chilichonse chili ndi cholozera chake, choncho mungathe kumanga ndi 21 n'kumayendetsa ndi 17 osadziwa. Njira yabwino ndi `update-java-alternatives -l` kuti muone mayina, kenako `sudo update-java-alternatives -s java-1.17.0-openjdk-amd64`, imene imasintha zonse pamodzi. Ngakhale njira imeneyi siikhudza JAVA_HOME. Kuti iziyendera limodzi ndi zimene mwasankha, ikani mzere uwu mu `~/.bashrc`:

`export JAVA_HOME=$(dirname $(dirname $(readlink -f /usr/bin/javac)))`

Tagwiritsa ntchito javac osati java mwadala. Mu JDK 8, java imakhala mu `jre/bin`, ndiye kukwera mafoda awiri kungakufikitseni mu jre osati mu JDK.

Pa macOS

Ma JDK amakhala mu `/Library/Java/JavaVirtualMachines`. Lamulo la `/usr/libexec/java_home -V` limawatchula onse, ndipo kusintha ndi mzere umodzi: `export JAVA_HOME=$(/usr/libexec/java_home -v 17)`. Kuno zinthu n'zosavuta, chifukwa `/usr/bin/java` si Java yeniyeni, ndi kapulogalamu kamene kamatsata JAVA_HOME. Pa Java 8 lembani `-v 1.8`.

Pa Windows

Lembani `where java`. Mukaona mzere woyamba uli `C:\Program Files\Common Files\Oracle\Java\javapath`, ndiye chifukwa chake kusintha JAVA_HOME sikukuthandiza: foda imeneyi imaikidwa kutsogolo kwa Path ndipo imapambana. Tsegulani Environment Variables, ikani JAVA_HOME, onjezerani `%JAVA_HOME%\bin` mu Path ya System, muikwezere pamwamba penipeni. Path ya System imawerengedwa isanafike ya User, choncho kuiika mu Path ya User yokha sikukwanira. Kenako tsekani windo la lamulo, mutsegule latsopano. Pewani kusintha Path ndi `setx`, chifukwa imadula zonse zopitirira zilembo 1024 ndipo zodulidwazo sizibwerera.

SDKMAN

Pa Linux ndi macOS, munthu amene amasintha JDK kangapo pa sabata ndi bwino angogwiritsa ntchito SDKMAN, chida choikira ndi kusinthira ma JDK. Imaika zonse mu `~/.sdkman/candidates/java`, siifuna sudo, ndipo imasintha PATH ndi JAVA_HOME nthawi imodzi, ndiye mkangano wa ziwirizi umatha. Kuiika ndi `curl -s "https://get.sdkman.io" | bash`, kenako mutsegule terminal yatsopano. `sdk list java` imaonetsa mitundu ndi opanga ake. Dzina lothera ndi `-tem` ndi Eclipse Temurin, `-amzn` ndi Amazon Corretto, `-zulu` ndi Azul Zulu. Koperani dzina lathunthu lochokera mu mndandandawo n'kulipereka kwa `sdk install java`.

Kusiyana kwa `sdk use` ndi `sdk default` kuyenera kumveka bwino. `sdk use java` imasintha terminal imene mulimo basi, mukaitseka zatha. `sdk default java` imasintha symlink yotchedwa `current`, ndiye terminal iliyonse yatsopano imayamba ndi mtundu umenewo. Poyesa kanthu kwa mphindi zochepa gwiritsani ntchito `use`, kuopa kuti mawa mungatsegule pulojekiti ina n'kuiwala kuti munasintha.

Chabwino koposa ndi fayilo ya `.sdkmanrc`. Mukakhala m'foda ya pulojekiti, `sdk env init` imalemba mtundu umene ukugwira ntchito mu fayilo imeneyi. Isungeni mu Git, mnzanu aliyense akalemba `sdk env` apeze JDK yomweyo. Mukaika `sdkman_auto_env=true` mu `~/.sdkman/etc/config`, kungolowa m'fodayo ndi `cd` kumasintha JDK popanda kulemba lamulo lina.

Mizere ya SDKMAN iyenera kukhala kumapeto kwa `.bashrc` kapena `.zshrc`. Ngati pansi pake pali mzere wakale wa `export JAVA_HOME`, umafufuta JAVA_HOME imene SDKMAN yaika. Sankhani woyang'anira mmodzi: mukatenga SDKMAN, chotsani mizere yanu yakale ya JAVA_HOME ndipo musiye kusewera ndi update-alternatives.

Kuwerenga mauthenga a zolakwika

`UnsupportedClassVersionError` imatanthauza kuti pulogalamu inamangidwa ndi JDK yatsopano koma ikuyendetsedwa ndi yakale. Uthengawo sutchula Java 17 kapena 21, umatchula manambala ena: 52 ndi Java 8, 55 ndi 11, 61 ndi 17, 65 ndi 21. Chotsani 44 pa nambalayo, yotsalayo ndi mtundu wa Java. Uthenga ukati fayilo ndi ya 61 koma Java yanu imafika pa 55, kwezani yoyendetsera ifike 17, kapena mumange pulogalamuyo ya 11.

Gradle ikanena kuti "Unsupported class file major version 65", vuto si khodi yanu. Gradle yanuyo ndi yakale moti siyendera Java 21. Java 17 imafuna Gradle 7.3 kupita m'mwamba, Java 21 imafuna 8.5. Gradle imasiyanso daemon, pulogalamu yake yothandizira, ikuyenda kuseri, choncho mukasintha JDK zinthu n'kumaoneka zachilendo, lembani `./gradlew --stop` muyambirenso.

Pulojekiti ya Java 8 ikagwa ndi `NoClassDefFoundError` pa `javax/xml/bind` mutaisamutsira ku 11, n'chifukwa chakuti JAXB, laibulale ya XML imene muli `javax/xml/bind`, inachotsedwa mu JDK 11. Muyenera kuionjezera nokha ngati dependency, laibulale imene pulojekiti imadalira.

Nthawi zambiri simufunika kusintha JDK kuti mumangire Java yakale. Kuyambira JDK 9, `javac --release 8` imamanga ya Java 8 n'kukuletsani kugwiritsa ntchito zinthu zimene mu 8 mulibe. Mu Maven ndi `maven.compiler.release`. Zakale zija za `-source 8 -target 8` sizimayang'ana zimenezi. Chitsanzo chodziwika ndi `ByteBuffer.flip()`: mukamanga ndi JDK 11 ndi `-target 8`, zonse zimadutsa bwinobwino, koma pa Java 8 pulogalamu imagwa ndi `NoSuchMethodError`, chifukwa kuyambira Java 9 method imeneyi imabweza ByteBuffer m'malo mwa Buffer.

Pali malo amene zosintha za mu terminal sizifika. IntelliJ IDEA, pulogalamu yolemberamo khodi, ili ndi SDK (JDK ya pulojekiti) yake mu Project Structure, ndi ina ya Gradle JVM mu Settings. Ziwirizi muziike padera. `sudo` imataya JAVA_HOME yanu ndipo imagwiritsa ntchito PATH yake. Cron ndi systemd, zimene zimayambitsa mapulogalamu pazokha, siziwerenga `.bashrc`, ndiye pa seva lembani njira yonse ya java mu mzere wa `ExecStart` wa systemd, monga `/usr/lib/jvm/java-21-openjdk-amd64/bin/java -jar app.jar`. Ndipo ngati mwachotsa JDK, bash n'kumapitiriza kufuna java pamalo akale, lembani `hash -r` kuti iiwale njira imene inasunga.