Kuphatikiza malamulo a utsi wa m'mafakitale osafooketsa malire ake

Fakitale ya simenti imene imawotcha matayala akutha m'ng'anjo yake izitsata lamulo liti, la mafakitale kapena la zinyalala? M'mayiko a European Union, chisanafike chaka cha 2010, inkatsata onse awiri. Lamulo la 2010/75/EU ndi limene linasonkhanitsa malamulo 7 pamodzi: la ziphaso za mafakitale la 1996, la mankhwala osungunulira penti la 1999, la kuwotcha zinyalala la 2000, la ng'anjo zikuluzikulu la 2001, ndi ena atatu okhudza mafakitale a titanium dioxide, ufa woyera wopangira penti. Aliyense wogwira ntchito yophatikiza malamulo angatengerepo njira.

Yambani ndi chumuni, malamulo abwere pambuyo. Pa chumuni chilichonse lembani zimene zimatulukapo, monga fumbi ndi sulphur dioxide, kenako ndime iliyonse ya lamulo imene ikuchikhudza, ofesi imene imayendera, ndi lipoti limene imafuna. Pamene ndime ziwiri zakumana pa mpweya umodzi wa chumuni chimodzi, m'pamene pali ntchito.

Kenako gwirizanitsani matanthauzo. Ng'anjo yaikulu m'lamulo la ku Ulayali ndi ya mamegawati 50 kupita m'tsogolo, powerengera mphamvu ya zimene ikuwotcha. Mukasiyira pomwepo, mwini fakitale amanga ng'anjo ziwiri za mamegawati 30 n'kuzemba. N'chifukwa chake ng'anjo zotulutsira utsi pa chumuni chimodzi zimawerengedwa ngati imodzi, kupatula zosafika mamegawati 15.

Pogona nkhani ndi pa manambala. Ambiri akaona malire awiri a fumbi amangotenga nambala yaing'onoyo, poganiza kuti ndiyo yokhwima. Si nthawi zonse. Malire amalembedwa m'mamiligalamu pa kiyubiki mita ya utsi wouma, pa kutentha kwa 273.15 K (0°C) ndi mphamvu ya mpweya ya 101.3 kPa, komanso pa mlingo woikika wa okosijeni: 6 peresenti powotcha malasha, 3 peresenti pa mafuta ndi gasi, 11 peresenti pa zinyalala, 10 peresenti pa ng'anjo ya simenti yowotcha zinyalala. Mlingowu ulipo kuti munthu asasungunule utsi ndi mphepo yakunja n'kumati wachepetsa fumbi.

Tiyerekeze kuti lamulo lina likuti mamiligalamu 10 pa okosijeni wa 11 peresenti, lina likuti 12 pa 6 peresenti. Mumpweya wamba muli okosijeni pafupifupi 21 peresenti, ndiye chotsani 6 pa 21, mupeza 15. Chotsani 11 pa 21, mupeza 10. Gawani 15 ndi 10, n'kuchulukitsa ndi mamiligalamu 10 aja: yankho ndi 15. Ndiye kuti 10 uja ndi 15 akaikidwa pa muyeso wa mnzakeyo, ndipo lokhwima ndi la 12. Wosankha 10 wafewetsa lamulo asakudziwa.

Nthawi yoyezera nayo imapusitsa. Powotcha zinyalala, fumbi lisapose mamiligalamu 10 pa avereji ya tsiku, ndiponso pali malire ena a 30 pa theka la ola. Awa si malire obwerezana ayi: oyambawo amaona kayendedwe ka tsiku lonse, enawo amagwira utsi wotuluka mwadzidzidzi sefa ikang'ambika. Asungeni onse awiri. Musakhudzenso lamulo lakuti utsi wa zinyalala ukhale pa 850°C kwa masekondi awiri, chifukwa limateteza ku ma dioxin, mankhwala apoizoni amene amapangika powotcha zinyalala.

Zobwerezana zenizeni ndiye zichotsedwe. Fakitale imene carbon dioxide wake ali kale pansi pa msika wogulitsana ziphaso za utsi siyipatsidwanso malire a mpweya umenewo m'chiphaso chake.

Zonse zotsala zilowe m'chiphaso chimodzi. Maofesi akhoza kukhala angapo, koma agwirizane chiphaso chisanatuluke, apo ayi fakitale imalandira makalata otsutsana. Kuyendera kutengere kuopsa kwa malowo: ku Ulaya, fakitale yoopsa kwambiri siyipitirira chaka osayenderedwa, yosaopsa kwenikweni zaka zitatu.

Manambala osinthasintha ndi luso lamakono musawakhomere onse m'lamulo lenilenilo, poti kusintha lamulo kumatenga zaka. A ku Ulaya amawaika m'mabuku a njira zabwino koposa zimene zilipo, olembedwa ku Seville m'dziko la Spain, ndipo mfundo zatsopano zikatuluka, chiphaso chiunikidwenso ndipo fakitale itsate pasanathe zaka zinayi.

Samalaninso masiku ofafanizira malamulo akale. Lamulo la 2010/75/EU lija linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2011, mayiko anapatsidwa mpaka Januwale 2013 kuti alilowetse m'malamulo awo, koma la ng'anjo zikuluzikulu linakhalabe mpaka pa 1 Januwale 2016, popeza makina otsukira utsi samangidwa m'miyezi yochepa. Konzaninso tebulo losonyeza kumene ndime iliyonse yakale yapita, chifukwa ziphaso zimene zili m'manja mwa mafakitale zimatchulabe manambala akalewo.