Zitsamba za msambo ndi nkhawa zikuchita chuku m'majumbo

Chinyezi cha dzinja lino chavumbula vuto limodzimodzi pa makomo ambiri omwe ndayendera. Amayi olima jinja, chamomile, lemon grass ndi zitsamba zina zomwe amamwa m'mimba mukamapota pa nthawi ya msambo, kapena tulo tikasowa chifukwa cha nkhawa, akolola bwino ndithu. Cholakwika n'chakuti akumanga zitsambazo m'majumbo zisanaume. Ukamasula jumbo umapeza mkati muli thukuta, masamba ada bii, pa jinja pamera kaufa kobiriwira. Fungo lokha likuuza kuti ndi chuku.

Chimene chikundiwawa ndi yankho lomwe ndikulandira paliponse: "Tikawiritsa zithera momwemo." Sizitha ayi. Chuku china, makamaka cha mtundu wa Aspergillus flavus, chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Madzi amawira pa madigiri 100, koma poizoniyu kuti aphwanyike pamafunika kutentha kopitirira madigiri 200. Moto umapha chukucho, poizoni n'kutsala m'kapu yomwe mukumwerayo. Saoneka, samveka pa lilime. Asayansi anamutulukira nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England mu 1960, ndipo mu 2004 anapha anthu 125 ku Kenya atadya chimanga chachuku. Amalunjika pa chiwindi. Akamalowa pang'onopang'ono kwa zaka amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo amene ali kale ndi matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B ndiye ali pa chiopsezo chachikulu.

Tsono taganizani mmene zitsambazi zimamwedwera. Wa msambo amamwa mwezi ndi mwezi, wa nkhawa usiku ulionse asanagone. Jumbo limodzi lachuku limatha kumwedwa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, munthu akuganiza kuti akudzithandiza.

Zopala chuku ndi mpeni n'kumati pawonongeka pamwamba pokha, zanditopetsa. Chomwe mukuchiona pamwambacho ndi mbewu zake chabe, timizu take tinalowa kale mkati mwa jinjayo. Ena akuyanika pansi, pomwe nkhuku zikupalasa ndipo mame akugwera. Enanso poopa chuku akuyanika maluwa a chamomile pa malata dzuwa lili phwee. Mphamvu ya chamomile ndi lemon grass ili m'timafuta take tonunkhira tija, ndipo timauluka pakatentha kwambiri. Chotsala ndi udzu basi. Mukandiuza kuti agogo ankachita chonchi, ndikufunsani ngati agogowo ankamanga mankhwala m'pulasitiki.

Mayi wina wolima jinja anandiimitsa m'munda mwake masabata apitawa. "Alangizi, jinja wanga watha mphamvu. Kale ndikamwa kapu imodzi m'mimba munkaleka, pano ndikumwa atatu. Mtima nawo ukungogunda ngati ndathamanga, nkhawa yandikulira." Atanditulutsira jumbo, jinja yense anali wofewa, akupindika ngati mphira, kaufa kali mbuu m'mbali. Ndinawafunsa kuti amatha masiku angati ali kumwezi. Anati asanu ndi anayi, nthawi zina khumi, ndipo usiku amadzuka kawiri kapena katatu kukasintha. M'maso mkati munali moyera. Ndinawapempha kuti jinjayo amutaye, mawa lake apite kuchipatala. Kumeneko anawapeza ndi magazi ochepa kwambiri. Mtima wogunda uja, kupuma movutikira ndi kutopa komwe iwo ankati ndi nkhawa, zinali zochokera ku magazi omwe ankataya mwezi uliwonse. Miyezi yonseyi ankangowonjezera makapu a mankhwala ovunda, ntchito ya kumunda ikuima, mphamvu zikutha. Nanga akanadikira miyezi ina itatu?

Sindikunyoza zitsamba. Jinja woumitsidwa bwino amachepetsadi ululu wa msambo kwa amayi ambiri akamwedwa masiku atatu oyamba, ndipo chamomile amakhazika mtima pansi nkhawa ikakhala yaing'ono. N'chifukwa chake zimandipweteka kuona mbewu yolimidwa movutikira ikuwonongeka m'sabata imodzi yomaliza.

Zoyenera kuchita n'zochepa. Jinja ndi mizu ina muzitsuka, muzidula tizidutswa topyapyala, n'kuyanika pa thandala pomwe mphepo ikudutsa. Masamba ndi maluwa aziumira pa mthunzi, osaunjika, muziwatembenuza. Muzu wouma umathyoka kuti thyo, tsamba louma limafumbutuka m'manja. Zikapanda kutero musasunge. Zouma ikani m'botolo lagalasi louma lotseka bwino, lembanipo tsiku, chaka chikatha mutaye. Chilichonse chomwe chagwidwa chuku kwirirani, osapatsa ngakhale ziweto, poti poizoniyu amafika mpaka mumkaka.

Msambo ukapitirira masiku 7, ukamabwera masiku 21 asanakwane kapena kudumpha masiku 35, pitani kuchipatala. Chimodzimodzi nkhawa ikafika pokulepheretsani kudya, kugona kapena kugwira ntchito. Oyembekezera asamwe chitsamba chilichonse asanafunse achipatala. Ndipo amene mukugula chitsamba chotchedwa St John's wort kuti muchepetse nkhawa, dziwani kuti St John's wort amafooketsa mapiritsi a kulera komanso ma ARV ena, choncho musamuphatikize ndi mankhwala amenewa.