Kumata Nambala Puleti pa Galimoto Muli Kunja: Lamulo, Kuzizira ndi Kuleza Mtima

Munthu akagula galimoto yake yoyamba kunja, nthawi zambiri yogwiritsidwapo kale ntchito, sizitenga nthawi kuti aone kuti nambala puleti yathetheka, yafwifwa kapena ikulendewera mbali imodzi. Ambiri amasankha yomata ndi guluu chifukwa sifuna kuboola bampa. Ntchitoyi ndi yaifupi, koma imene yamatidwa mothamanga imagwa pamsewu waukulu mwini wake osadziwa, ndipo amadzazindikira apolisi atamuimitsa.

Musanagule chilichonse, muyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amazitchula ndi dzina limodzi. Pali nambala puleti yolimba, ya pulasitiki kapena yachitsulo chopepuka, imene imamatidwa ndi tepi yokhala ndi guluu mbali zonse ziwiri. Palinso ina yopyapyala ngati sitika, imene imamatidwa yonse pathupi la galimoto. Kusiyana kumeneku n'kofunika chifukwa malamulo saziona mofanana.

Ku United Kingdom, nambala puleti yolimba yomatidwa ndi tepi ndi yololedwa, malinga ngati puletiyo ikukwaniritsa zofunikira. Yakutsogolo imakhala yoyera ndipo yakumbuyo imakhala yachikasu, zonse zonyezimira zikawalidwa ndi nyali, zilembo zake zili zakuda. Puleti iliyonse yoikidwa kuyambira pa 1 September 2021 iyenera kukhala ndi chizindikiro cha BS AU 145e, pamodzi ndi dzina ndi positikodi ya amene anaigulitsa. Muyenera kuigula kwa wogulitsa wolembetsedwa ku DVLA, bungwe la boma lolembetsa magalimoto, ndipo iye adzafuna kuona chiphaso chanu, monga laisensi kapena pasipoti, komanso chikalata chosonyeza kuti nambalayo ndi yanu, chomwe kawirikawiri chimakhala V5C, chikalata cholembetsera galimoto. Wogulitsa wa pa intaneti amene sakufunsani zikalata zimenezi mumukayikire, chifukwa zambiri zimene amagulitsa otere, kuphatikizapo masitika opyapyala aja, ndi zongokongoletsera pa zionetsero za magalimoto. Nambala puleti yosatsata lamulo ingakulipiritseni chindapusa chofika £1,000, ndipo galimotoyo imalephera MOT, kuyeza kwa chaka ndi chaka kofanana ndi COF ya kwathu. Ku Ireland, kumene puleti zonse ziwiri zimakhala zoyera, amaziyang'ananso pa kuyeza kwawo kotchedwa NCT.

Amene muli ku South Africa nkhani yanu ndi yosiyana, ndipo ndi bwino kuimva musanawononge ndalama. Kumeneko puleti iyenera kutsata muyezo wa SANS 1116, ndipo malamulo a pamsewu amafuna kuti imangidwe ndi maliveti kapena masikuluwu amene amalowa koma osamasulika. Tepi payokha siyokwanira ku Johannesburg kapena ku Cape Town, ngakhale itagwira mwamphamvu chotani.

Ngati kumene muli kumata n'kololedwa, dziwani kuti mbali yaikulu ya ntchitoyi ili pa kukonza malo omatapo, osati pa kumata kwenikweniko. Yambani ndi kuchotsa puleti yakale. Ikakhala ya masikuluwu, ingomasulani. Ikakhala yomata, musaikanule ndi sikuludiraiva kapena mpeni, chifukwa mukanda penti ndipo mwina muswa bampa. Itenthetseni pang'ono ndi chowumitsira tsitsi kuti guluu afewe, kenako lowetsani ulusi wa mbedza kapena ulusi wotsukira m'mano kuseri kwake n'kumacheka pokoka uku ndi uku mpaka puletiyo itasiyana ndi galimoto. Zotsalira za tepi yakale zimachoka pozifikisa ndi chala kapena pozipala ndi khadi lakale la pulasitiki. Apa mpamene anthu ambiri amatopa n'kumata tepi yatsopano pamwamba pa yakale, ndipo puleti yotero sichedwa kugwa, popeza guluu watsopano amakhala wagwira zinyenyeswazi m'malo mogwira galimoto.

Zikachoka zonse, tsukani malowo ndi madzi a sopo, muumitse, kenako mupukute ndi sipiriti wa isopropyl pa kansalu kopanda ubweya. Sipiritiyu amachotsa mafuta, polishi ndi phula la galimoto, zomwe maso saona koma zimalepheretsa guluu kugwira. Pukutaninso kuseri kwa puleti yatsopano, ndipo mukatero musagwirenso malo onse awiriwo ndi zala. Madzi amakonda kubisala m'mabowo a masikuluwu akale n'kumadontha mutamata kale, choncho onetsetsani kuti mabowowo auma.

Chimene chimapusitsa ife obadwira kotentha ndi kuzizira. Guluu wa tepi zimenezi amafunika kufewa kuti alowerere m'timipata ta penti, ndipo kukazizira amauma gwa, moti tepi imaoneka ngati yagwira pamene yangokhudza chabe. Kampani ya 3M, imene imapanga tepi yodziwika ya VHB, imalangiza kumata kutentha kuli pakati pa madigiri 21 ndi 38, ndipo pa mitundu yambiri ya tepiyi silimbikitsa kumata pamalo ozizira kuposa madigiri 10. M'mawa wa January ku Manchester kapena ku Dublin, bampa imakhala yozizira kuposa pamenepo, ndiponso yonyowa ndi mame. Ngati simungadikire tsiku lofunda, lowetsani galimoto m'garaja, sungani puleti ndi tepi m'nyumba mpaka nthawi yomata, ndipo fundiritsani bampa ndi chowumitsira tsitsi chija kufikira itamveka yofunda pa dzanja, osati yootcha.

Tepi muimate kaye kuseri kwa puleti, osati pa galimoto. Puleti wamba ya ku UK ndi yotalika mamilimita 520 ndi 111 m'lifupi, ndipo ine ndimaona kuti zidutswa zinayi kapena zisanu zoimika mowongoka, ziwiri zili pafupi ndi kumathero, zimagwira bwino kuposa mzere umodzi wautali wopingasa. Zoimirira zimasiya njira yoti madzi a mvula azitsika, pamene yopingasa imawasunga pamwamba pake. Musagwiritse ntchito tepi ya mu ofesi kapena yomatira kapeti. Funani yopangidwira kunja kwa galimoto, yokhala ndi siponji pakati.

Musanasende pepala loteteza guluu, yesani puletiyo pamalo pake, mubwerere m'mbuyo masitepe angapo n'kuona ngati yawongoka, chifukwa tepi yabwino ikangokhudza penti sikupatsaninso mpata wosuntha. Ikani chizindikiro m'mphepete mwake ndi tepi ya pepala imene opaka penti amagwiritsa ntchito. Njira ina yabwino ndi kumata tepi ya pepalayo m'mphepete mwa pamwamba kuti puleti izitseguka ngati chitseko chokankhira m'mwamba: mumaitukula, kusenda mapepala, n'kuitsitsa, ndipo imagwera pomwe munayeza. Kenako kanikizani ndi chikhatho pa chidutswa chilichonse cha tepi kwa masekondi pafupifupi 30, kuyambira pakati kupita kumathero. Guluu wa mtunduwu amagwira chifukwa chokanikizidwa, choncho kumenyamenya puleti ndi chibakera sikuthandiza.

Bampa yakutsogolo imavuta kuposa kumbuyo. Yambiri ndi yokhota, ndipo puleti yolimba ikapindidwa imayesetsa kubwerera mmene inalili, n'kumakoka tepi ya kumathero usana ndi usiku mpaka itamatuka. Pamalo otere ikani tepi yochindikala kumathero kuti idzaze mpatawo, kapena mangani kaye chogwirizira puleti chathyathyathya n'kumata pa icho. Pulasitiki yakuda yosapentedwa nayonso sigwirizana ndi guluu, ndipo imafuna kupakidwa kaye mankhwala othandiza guluu kugwira, amene amapezeka kogulitsa zipangizo za galimoto. Onaninso kuti puleti sikuphimba masensa othandiza poimika galimoto, radar imene magalimoto ena amaibisa kutsogolo, kapena kamera yakumbuyo, ndiponso kuti nyali yake yakumbuyo ikuiwalira yonse usiku. Musasinthanitse puleti ziwirizo. Zimachitika ndithu munthu akamagwira ntchito madzulo mothamanga, yachikasu n'kupezeka kutsogolo.

Mukamaliza, guluu amakhala asanafike pa mphamvu yake yonse. Malinga ndi 3M, pamalo ofunda bwino tepi ya VHB imafika pafupifupi theka la mphamvu yake pakatha mphindi 20, magawo 90 pa 100 pakatha maola 24, ndipo imakhwima kwathunthu pakatha maola 72. Kukazizira zimatenga nthawi yoposa pamenepo. N'chifukwa chake ndi bwino kumata madzulo a tsiku limene galimoto igona osayenda, ndipo kwa masiku atatu musaitengere kotsukira magalimoto kapena kuipopera madzi a mphamvu. Pakatha sabata, lowetsani chala kuseri kwa ngodya iliyonse n'kukoka pang'ono. Ngodya ikagwedera, musathirepo guluu wamadzi pofuna kuigamba, chifukwa amawononga penti ndipo amauma n'kusweka. Chotsani puleti yonse ndi ulusi uja, mupukutenso ndi sipiriti, muyambirenso ndi tepi yatsopano.